Mwana wa otizimu kuno ku Mulanje: mmene mungakumanitsire achipatala, asukulu ndi amfumu pa nkhani yake

Ndikulemba izi chifukwa cha mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 11 pano, amene ndakhala ndikuyenda naye mmaofesi kuyambira ali ndi zaka zinayi poti mayi ake amathyola tiyi ku esiteti nde dzinja likafika masamba akachuluka za kujomba iwalani. Adokotala anati ali ndi otizimu. Liwu lenileni la Chichewa palibe, kumudzi amangoti wozerezeka, ena amati ndi mwano chabe akamuitana sayankha, ena nde amafika ponena kuti bambo ake anamukhwimira kuti geni iziyenda, geni yake iti poti bambowo olo njinga yakapalasa alibe.

Mwachidule otizimu ndi mmene ubongo wa mwana wakulira, umasiyana ndi wa anzake pa kulankhula, pa kucheza ndi anthu komanso mmene amamvera phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, anayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali nawo, ndipo amene amapezeka nawo kwambiri ndi anyamata. Si ufiti, si katemera, si kuti mayi analakwitsa china ali oyembekezera. Ana ake sakhala ofanana, wina amalankhula bwinobwino koma sadziwa kucheza, wina ngati wathuyu mawu ndi owerengeka.

Thandizo lilipo, lochepa inde koma lilipo, kungoti lili apa ndi apo. A HSA amadziwa za sikelo, aphunzitsi za mkalasi, a social welfare ali ndi mafomu awo, amfumu ali ndi bwalo lawo, ndipo anthu amenewa sangakumane okha pa nkhani ya mwana wanu. Pamafunika wina wowakoka. Nazi mmene ife tinachitira.

Choyamba, kope limodzi ndi munthu mmodzi

Gulani hadikava, osati kope la mapepala 40 lija limang'ambika likangonyowa. Limeneli nde ofesi yanu. Tsamba loyamba dzina la mwana, tsiku lobadwa, mudzi, gulupu, T/A, ndi manambala a foni a anthu awiri apabanja. Kenako lembani mbiri yake mmene mukukumbukira: anabadwa bwanji, analira pobadwa kapena anachedwa, anakhala pansi liti, anayenda liti, anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka kapena ayi, anali ndi mawu ena amene kenako anasowa. Mafunso amenewa aliyense adzakufunsani, ndipo ukakhala pa benchi kuyambira 6 koloko mmawa mwana akulira mutu sugwira, umayankha zosiyana ndi zimene unayankha ulendo watha.

Muzilembanso zimene mukuona, ndi madeti ake. Akaitanidwa dzina satembenuka chonsecho wapitirira chaka, saloza chinthu ndi chala kuti nanu muone, wafika zaka ziwiri osalumikiza mawu awiri, amakupiza manja, amadzigwedeza, amandandalika zitsekerero za mabotolo kwa ola lathunthu ndipo mukangosuntha chimodzi nkhondo, amatseka makutu chigayo chikalira, amadya nsima ndi ndiwo imodzi yomweyo basi. Ngati pali foni ya kamera jambulani tivideo tifupitifupi, chifukwa ana awa pena akafika pamaso pa dokotala amangokhala phee nde inu mumaoneka ngati mukukokomeza.

Ndiye sankhani munthu mmodzi wosunga kopelo ndi kuimba mafoni. Atha kukhala mayi, azakhali ngati ine, olo volontiya wa mmudzi, bola akhale wodziwa kulemba ndiponso wosachita manyazi pa ofesi. Mukati tonse tiziyendetsa, dziwani kuti palibe ayendetse.

Chachiwiri, yambani ndi akubanja musanapite kwina

Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mukawadumpha amalume, eni mbumba, mudzavutika. Ife tinalakwitsa pamenepa, tinathamangira kuchipatala osawauza, tsiku lomwe tinafuna ndalama ya transipoti anati inu munayamba nokha malizani nokha, iwo anali atakonza kale zopita naye kwa sing'anga kutsidya la Muloza. Mbuzi inapita, mwana anabwera ndi mphini basi. Khalani nawo pansi amalume, agogo ndi bambo a mwana, aonetseni tivideo tija, ndipo ulendo umodzi wa kuchipatala mutengane ndi mmodzi mwa iwo akamve yekha pakamwa pa adokotala. Agogo athu anasiya zoti mwanayu analodzedwa atamva kwa munthu wovala gauni yoyera, zomwezo ife tinkanena chaka chathunthu osamveka.

Chachitatu, njira ya kuchipatala

Yambani ndi a HSA a mdera lanu, omwe aja a sikelo ndi katemera. Iwo sangakuuzeni kuti ndi otizimu koma amadziwa tsiku limene kiliniki iti imachitika ndipo atha kukulozerani kwa woyenera pa health centre. Kuchoka apo mupemphe kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, kuno ndi cha boma pa Mulanje kapena Mulanje Mission, anzathu a ku Thyolo ali ndi cha pa boma komanso Malamulo ku Makwasa, kungoti za mishoni zina zimakhala zolipira nde funsiranitu. Kumeneko funsani wa kiliniki ya ana, wa matenda a maganizo ndi a fizio. Mawu oti matenda a maganizo asakuopseni, sakunena kuti mwana wanu ndi wamisala, kungoti nkhani za kakulidwe ka ubongo amaziika kumeneko. Akaona kuti pakufunika akatswiri amakutumizani ku Queens ku Blantyre.

Pali zinthu zitatu zoti musachoke musanafunse. Makutu ayezedwe, chifukwa mwana wosamva nayenso satembenuka akaitanidwa ndipo salankhula, ku Queens kuli kiliniki yoyeza makutu. Za khunyu, poti ana ambiri ndithu a otizimu amakhalanso ndi khunyu, ndipo si nthawi zonse pamene amagwa nkuphupha, ena amangoti duu maso tong'o kwa masekondi angapo kenako nkupitiriza. Khunyu lili ndi mankhwala ndipo amagwira ntchito akamamwa osadumphitsa. Chachitatu kadyedwe, ngati akukana zakudya zambiri amuyeze sikelo ndi magazi.

Musayembekezere kuti amutenga magazi nkupeza otizimu, kulibe kuyeza kotero, amaona khalidwe la mwana ndi kumva mbiri yake, nchifukwa chake kope lija. Mankhwala ochiza otizimu kulibenso. Amene akukugulitsani botolo loti mwana alankhula pakatha sabata ziwiri akufuna ndalama zanu. Mapemphero pitani, ifenso timapita, koma wina akati siyani mankhwala a khunyu mwana wamasulidwa, mapiritsiwo musasiye.

Chilichonse chimene adokotala anena apempheni alembe mu buku la kuchipatala la mwana, momveka, ndi chidindo ngati chilipo. Tsamba limenelo lijambuleni pa foni ndipo kachititseni fotokope zitatu pa Chitakale kapena pa boma, chifukwa asukulu ndi a social welfare adzafuna pepala osati nkhani ya pakamwa. Nanunso mu hadikava lembani mwa Chichewa chanu zimene mwamva, dzina la amene munakumana naye ndi deti yobwereranso.

Za ulendowo: funsiranitu tsiku la kiliniki musanakwere minibasi, ife tinawotchapo transipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera chifukwa chongodzukira tsiku lolakwika. Pitani awiri, wina akhale pa mzere wina azizungulira ndi mwana panja pomwe palibe phokoso. Tengani chakudya chimene amadya ndi kachinthu kake kamene amakonda kugwira, wathu ndi chingwe cha buluu, chikasowa ulendo watha. Ndipo auzeni anamwino poyambirira pomwe kuti mwanayu satha kudikira pagulu, ambiri amamvetsa.

Chachinayi, a social welfare ndi amfumu

Pa boma pali ofesi ya social welfare, ndipo mmadera muli ma child protection worker, ogwira ntchito yoteteza ana, afunseni a HSA kapena amfumu akuuzani wa kwanu. Kalembetseni mwanayo kuti adziwike. Funsaninso za a MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, omwe kale tinkawati MACOHA dzina lisanasinthe ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, komanso za PODCAM lomwe ndi bungwe la makolo a ana aulumali. Za Mtukula Pakhomo ndinene mosabisa, kukhala ndi mwana wa otizimu sikutanthauza kuti mwalowa basi, ali ndi ndondomeko yawo yosankhira mabanja ovutikitsitsa, funsani koma musamangire bajeti pamenepo.

Amfumu apiteni mwaulemu wake, ndi amalume patsogolo. Chimene mukufuna kwa iwo ndi mawu pa msonkhano wa mudzi, kuti mwana wakutiyu ali ndi vuto lobadwa nalo, achipatala alitsimikiza, wopezeka akumugenda, kumumwetsa kachasu kuti aziseka kapena kunena makolo ake za ufiti adzayankha pa bwalo. Kwathu mawu amenewo anachita zimene ife tinalephera ndi kukangana ndi maneba zaka zitatu.

Chachisanu, sukulu

Ngati ali wamng'ono yambani ndi sukulu ya mkombaphala ya mmudzi, olo ola limodzi patsiku, wina wa pakhomo akhale naye pompo masiku oyamba. Ku pulayimale musangomutumiza ndi anzake tsiku lotsegulira. Pitani kaye nokha kwa ahedi ndi fotokope ija, kenako kwa a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za mdera, ku ofesi yawo ya TDC ya zoni yanu, muwafunse kuti mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera ali pa sukulu iti, ndi kalasi ya risosi, yophunzitsiramo ana otere, yapafupi ili kuti. Aphunzitsi amenewa amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, ku Chiradzulu konkuja, alipo ochepa ndipo ena amayendera sukulu zingapo, nde mukapeza nambala yake isungeni ngati ndalama. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994 ndipo mwana waulumali ali ndi ufulu wophunzira ngati wina aliyense, mukamva zoti kuno sitilandira otere musakangane, lembani deti mu kope nkupita kwa a PEA.

Komanso tiziwamvetsa aphunzitsi. Munthu ali ndi ana 100 ndi kuposa mu Sitandade 1, mukamuuza kuti mwana wanga muzimusamala mwapadera mwamuuza zopanda mutu. Mupempheni zinthu zing'onozing'ono zotheka. Akhale kutsogolo chakumphepete pafupi ndi chitseko, malo omwewo tsiku lililonse. Akayamba kutseka makutu aloledwe kutuluka akakhale pansi pa mtengo wakutiwakuti mphindi zingapo. Asakwapulidwe chifukwa chosayang'ana aphunzitsi mmaso. Pa phala alandire koyambirira kapena kumapeto osati pakati pa chipwirikiti. Malangizo akhale afupi, mawu awiri atatu, ndi kumuonetsa. Ife tinajambula tizithunzi pa katoni ya sopo, kapu, chimbudzi, mbale, nyumba, iye amaloza chimene akufuna, ndipo makatoni ndi awiri ofanana, ina kunyumba ina kusukulu. Apa mpamene pagona nkhani, zimene akuchita kusukulu zikhale zomwezo kunyumba, apo ayi mwana amasokonezeka. Amayi a mother group ndi ana awiri achifundo a mkalasi mwake oti aziyenda naye, amenewo ndi chuma.

Chachisanu ndi chimodzi, kukumanitsa anthuwa pamodzi

Izi nde zimene ambiri sitichita. Mukawaona onse mmodzimmodzi, itanitsani kamsonkhano kamodzi pa teremu. Malo abwino ndi kusukulu ana akaweruka, poti aphunzitsi ali pompo ndipo mipando ilipo. Oitanidwa: mphunzitsi wa kalasi, ahedi kapena achiwiri awo, a HSA, a child protection, nthumwi ya amfumu, mmodzi wa mother group, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi akubanja awiri. Wa risosi akapezeka mwachita mwayi, akalephera muimbireni pa foni muike pa laudi. Mwana ngati ndi wamkulu ndipo amatha kunena zake akhalepo olo pang'ono, ndi moyo wake ukukambidwawo.

Nenani poitana pomwe kuti alawansi palibe. Kunena mochedwa kumadanitsa. Ife timaphika tiyi, tiyi nde sasowa kuno kkk, ndi chinangwa kapena nthochi, ndipo timalonjeza kuti ola limodzi tatha. Kuitana kukadzera kwa ahedi kapena amfumu anthu amabwera kusiyana ndi kuitana inu nokha.

Pa msonkhanopo musalole kuti ikhale nthawi yodandaula, mayi akayamba kulira ndi kufotokoza kuyambira pa mimba ola latha. Yambani ndi zimene mwana amatha, kenako sankhani zinthu zitatu zokha zoti zigwiridwe teremu imeneyo. Zitatu basi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zathu zoyamba zinali kuti azipita yekha kuchimbudzi, azikhala mkalasi mpaka buleki, ndipo asamadumphitse mankhwala a khunyu. Pa chilichonse lembani kuti achite ndani, pofika liti. Osalemba kuti asukulu athandize, lembani kuti madamu a Sitandade 2 azimutengera kuchimbudzi nthawi ya buleki ndi poweruka, agogo azichita chimodzimodzi mmawa ndi madzulo, a HSA azikumbutsa deti yokatenga mankhwala sabata imodzi isanakwane. Aliyense asayine mu hadikava. Msonkhano wotsatira umayamba ndi kuwerenga tsamba lomwelo, ndipo munthu akaona siginecha yake pa chinthu chimene sanachite manyazi amamugwira yekha, inu simufunika kunena kanthu.

Gulupu ya WhatsApp imathandiza kwa amene ali ndi mafoni ake, koma gwirizanani kuti zithunzi za mwana ndi mapepala a kuchipatala sizituluka mmenemo. Tinaonapo chithunzi cha mwana wina chikuzungulira ndi mawu opempha thandizo makolo ake osadziwa, ndalama zake kaya zinapita kuti.

Chachisanu ndi chiwiri, akasowa

Ana ambiri a otizimu amangochoka osatsanzika, ndipo ambiri amakonda madzi koopsa pomwe za ngozi sadziwa. Kuno mitsinje ndi yosawerengeka, Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi timakhwawa totsika mphiri timene timadzaza mwadzidzidzi olo kumudzi kusanagwe mvula, kuonjezera madamu a mmaesiteti ndi zitsime zosatseka. Mwana wamfupi akalowa mmunda wa tiyi saoneka, ndipo kumuitana sayankha. Nde panganiranitu lero: akasowa, woyamba athamangire kumadzi, wachiwiri kumsewu waukulu, wachitatu kumalo amene amakonda. Anyamata a kabaza pa siteji yapafupi amudziwe nkhope ndipo akhale ndi nambala yanu, amenewa amaona chilichonse, wathu anamubweza kawiri. Sokererani kansalu kolemba dzina ndi nambala mkati mwa malaya ake. Kumumangirira pa mtengo kapena kumutsekera mnyumba tsiku lonse ayi, ndikudziwa kutopa kumene kumafikitsa munthu pamenepo koma ndi nkhanza ndipo moto ukabuka mnyumbamo mulibe chonena.

Namondwe wa Freddy uja wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsanso china. Mu kampu muli phokoso, anthu ali thithithi, chakudya chachilendo, mwana wotere amavutika kuposa wina aliyense. Dzinja lisanayambe auzeni a komiti ya za ngozi ya mmudzi kuti pakhomo pano pali mwana wotere, ndipo buku la kuchipatala, hadikava ndi mankhwala zizikhala mu jumbo imodzi yomanga pamalo odziwika.

Akamakula

Apa anthu ambiri amagwa ulesi poti kamwana kokongola kaja tsopano ndi mnyamata wa ndevu kapena mtsikana wa mawere, ndipo zimene ankaseka anthu ali wamng'ono, monga kuvula pagulu kapena kukumbatira aliyense, pano zitha kumumenyetsa. Yambani msanga, zaka 9 kapena 10, kumuphunzitsa kuti kuvula ndi kubafa ndi kuchipinda basi, ziwalo izi sagwira munthu wina ndipo nawenso sugwira za wina. Kwa atsikana musadikire kuti athe msinkhu kaye, muonetseni kavalidwe ka pad kapena nsalu pang'onopang'ono miyezi isanafike, a mother group amathandiza pamenepa. Za chinamwali kambiranani ndi anankungwi poyera, mwana amene satha kunena chimene chamuchitikira kumugoneka kutali ndi kwawo masiku angapo ndi anthu osawadziwa ine sindikuvomereza, malangizo atha kupatsidwa pakhomo mayi ake kapena amalume ali pompo.

Ana awa ndi amene achipongwe amawafuna chifukwa amadziwa kuti sakanena. Mukaona zachilendo, kuopa munthu wina mwadzidzidzi, kuyenda movutika, magazi pa kabudula, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo musanamusambitse, mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa pasanathe maola 72, kenako ku victim support ya polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Zokambirana pachibale kuti wolakwayo alipire nkhuku ayi, ndipo pa malamulo a dziko lino aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Ku msonkhano wa teremu uja muyambenso kufunsa kuti akamaliza kapena akalekeza sukulu adzachita chani. Amene akutha maphunziro ahedi adziwitse a MANEB nthawi yolembetsa mayeso a Sitandade 8 kuti pali mwana wa zosowa zapadera. Amene sukulu ikukanika, yang'anani chimene manja ake amakonda, ambiri amachita bwino pa ntchito yobwerezabwereza ya dongosolo lake, kuthirira nazale, kusankha nyemba, kudyetsa nkhuku, kupanga sanding kwa kalipentala wodekha. Wathu amathira dothi mmachubu a mbande za mitengo ndipo mizere yake imawongoka kuposa ya akuluakulu.

Mayi ake nawonso muwaike mu pulani

Lembani mu kope momwemo kuti ndani azitsala ndi mwana Loweruka kuti mayi apite kumsika wa Limbuli kapena ku banki mkhonde kapena angogona tulo. Amvano, a Dorika, a mphakati, amayi a kumzikiti, apempheni kuti mmalo mongobwera kudzapemphera azisinthana maola awiri pa sabata, koma akhale anthu omwewo awiri atatu amene mwana wawazolowera. Mukapeza makolo ena a ana otere olo atatu muzikumana, transipoti ya ku Blantyre mutha kusonkherana ndipo ku ofesi mukapita anayi amakumverani msanga kusiyana ndi mmodzi.

Chomaliza chimene chimagwetsa zonse ndi matransifa. Mphunzitsi amene munamuzolowera asamutsidwa, a HSA apita kusukulu, mwana wakwera kalasi, ndiye mumapezeka mwabwerera poyambira. Mukangomva mphekesera yoti wina akuchoka mupempheni alembe tsamba limodzi mu hadikava, zimene zimagwira ntchito pa mwanayu ndi zimene zimamukwiyitsa, ndipo sabata yoyamba ya watsopanoyo pitani nalo mukamuwerengere nokha. Ife tili pa hadikava yachitatu, ndipo Lachinayi likudzali ndikupita nayo kwa madamu atsopano a Sitandade 3 amene sanamvepo kuti belu likamalira mnyamata wathu amafunika akhale atatuluka kale.